Nyemba zimene anandisiyira mayi zangochita masamba osabereka: kodi mbewuyi yatha mphamvu?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Area 25, mumzinda wa Lilongwe:

"Alangizi, ndithandizeni nzeru. Mayi anga asanatisiye chaka chatha anandipatsa nyemba zambewu m'kachitini, zomwe ankabzala kwathu ku Ntcheu, cha ku Tsangano, chiyambire ndili mwana. N'zosakanikirana: zofiira, zamawangamawanga, zachikasu ndi tina tating'ono takuda. Mu Sepitembala ndinabzala theka lake kuseri kwa nyumba. Ndinathira zitosi za nkhuku zambiri, kenako feteleza wa Urea, ndipo ndinkathirira tsiku ndi tsiku. Zina zinafota zikadali zazing'ono. Zina zinayanga n'kukwirira zinzake, masamba ali biriwiri, koma maluwa anangoyoyoka, ndipo zomwe ndinakolola sizinadzaze ndi kapu yomwe. Zotsala m'chitini zayamba kufumbwa. Anzanga akuti mbewu yamakolo imatha mphamvu, ndingogula ya m'sitolo. Kodi n'zoona? Sindikufuna kuti nyemba za mayi anga zithere m'manja mwanga."

Yankho:

Pepani mayi chifukwa cha imfa ya mayi anu. Koma pa nkhani ya nyembazi, mtima m'malo. Mbewu yotha mphamvu simera, ndipo ikamera imamera apo ndi apo, yonyozoloka. Yanu inamera, inakula, inayanga mpaka kuchita maluwa. Imeneyo ndi mbewu yamoyo. Maganizo a anzanuwo achokera ku chimanga cha haibulidi, chomwe ukachibzala chibwereza zokolola zimatsikadi. Nyemba si choncho. Duwa la nyemba limadzibereketsa lokha, nthawi zambiri lisanatseguke n'komwe, motero mbewu ya chaka chino imatengera ndendende ya chaka chatha. N'chifukwa chake mayi anu anatha kuisunga zaka zonsezo osapita kusitolo. Chimene chimafooketsa nyemba zambewu ndi matenda oyenda ndi njere, chinyontho posunga, kukhalitsa m'chitini zaka zambiri osabzalidwa, ndi anankafumbwe. Zonsezi zili ndi njira yake.

Tiyambe ndi chitinicho, chifukwa kumunda kungathe kudikira koma anankafumbwe sadikira. Lero lomwe khuthulirani nyembazo m'lichero, muzipete, muchotse tizilombo tonse ndi fumbi lake. Kenako muziyanike pamphasa kapena pansalu pa dzuwa la m'mawa, osati pa malata kapena pa simenti yotentha masana, poti kutentha kotero kumapha kamtima ka mbewu. Dziwani kuti nankafumbwe amene mukumuona akuyenda ndi wamkulu kale. Ana ake ali m'kati mwa njere. Mukayang'anitsitsa nyemba ina muona kadontho kozungulira kotuwirako pakhungu lake, ngati kazenera kosabooka. Pamenepo pali kachilombo kotsala pang'ono kutuluka. Ngati muli ndi firiji ya mbali yoziziritsa kwambiri ija ndipo magetsi sakuvuta, ikani nyemba zouma bwino m'botolo lotseka zolimba, muziike mmenemo masiku anayi kapena asanu. Kuzizirako kumapha mazira ndi mphutsi zomwe. Potulutsa musatsegule botolo msanga, lidikireni lisiye kuzizira, kuopa kuti mbewu ingachite thukuta. Koma zikhale zouma zenizeni: lumani imodzi, ikathetheka kuti khe osalowa mano, yauma. Mbewu yachinyezi ikalowa mufiriji imafa.

Popanda firiji, phulusa losefa la nkhuni limagwira ntchito, bola likhale lochuluka ngati nyemba zomwezo kuti lidzaze mipata yonse ya pakati pa njere. Enanso amapaka mafuta ophikira, kasupuni kamodzi ka tiyi pa kilogalamu imodzi. Mankhwala aufa a m'nkhokwe monga Actellic nawonso amathandiza, mukatsata muyezo wolembedwa pa botolo lake. Ndipo musataye nyemba yomwe ili ndi bowo limodzi lokha. Pamene mbewu yachepa chonchi, yotere imabzalidwa payokha, chifukwa ngati kachilomboko sikanadye kamtima, imamera ndithu.

Munachita bwino kwambiri kubzala theka lokha, ndipo chizolowezi chimenecho musachisiye. Nthawi iliyonse mukamabzala, gawo limodzi mwa magawo atatu lizitsala m'botolo mpaka mutakolola zatsopano. Mukadakhala ndi mbewu yambiri ndikadati muyese kameredwe kake pokulunga njere 20 m'kansalu konyowa kwa sabata imodzi. Zikamera 16 kapena kuposa, mbewu ili bwino. Koma poti zanu n'zowerengeka, kuyesa kwake kukhale kubzala komweko.

Tsopano chifukwa chiyani maluwa anayoyoka? Chachikulu ndi nyengo. Nyemba ndi mbewu ya malo ozizirirako. N'chifukwa chake zimachita bwino ku Dedza, ku mapiri a Ntcheu, ku Ntchisi, ku Thyolo ndi Mulanje, ku Rumphi ndi ku Misuku m'boma la Chitipa. Kutentha kukamapitirira madigiri 30 masana, usiku n'kusazizira bwino, ufa wa m'maluwa umafa, duwa limagwa lisanagwire. Inu munabzala mu Sepitembala. Nyemba zimayamba maluwa pakatha masabata asanu mpaka asanu ndi awiri, ndiye kuti zanu zinachita maluwa mu Okutobala, mwezi umene Lilongwe imakhala ikuwotcha. Onjezaninso kuti mbewuyi inazolowera Tsangano, kumtunda kozizira, pamene Lilongwe ili mamita pafupifupi 1,050 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Komanso kuseri kwa nyumba za m'tauni, mpanda wa njerwa umasunga kutentha mpaka usiku. Ngakhale mbewu ya m'sitolo ikadavutika pamenepo.

Kwa inu amene muli ndi madzi othirira, nthawi yomwe ndimaikonda ndi kumapeto kwa Febuluwale mpaka Epulo, mvula ikamapita kumapeto. Nthaka imakhala ikadali ndi chinyontho, maluwa amabwera kunja kutazizira, ndipo makoko amaumira pa dzuwa la Meyi ndi Juni popanda mvula yowoletsa. Mbewu yokololedwa nthawi yotereyi imakhala yoyera, yopanda matenda ambiri, kusiyana ndi ya pakati pa dzinja. Mungathenso kubzala ndi mvula yoyamba mu Disembala monga amachitira kumudzi, koma pa mbewu yochepa imene mukufuna kuichulukitsa, ine sindingaiike pa mvula ya Januwale ndi Febuluwale imene imabweretsa matenda a masamba. Mukafuna kubzala m'nyengo yozizira, zosayanga zisapitirire kumayambiriro kwa Julayi kuti zidzamalize maluwa kusanatenthe.

Chachiwiri ndi chakudya chimene munazipatsa. Zitosi za nkhuku ndi Urea zonse zili ndi mchere wa nayitirojeni wochuluka. Pa chimanga Urea amathandizadi, koma nyemba ukaipatsa nayitirojeni wambiri imangolimbikira masamba ndi kuyanga, kubereka n'kuiwala. Nyemba imadzipangira gawo lina la nayitirojeni wake kudzera m'timibulu ta m'mizu. Ulendo wina, zikafika poyamba maluwa, dzazuleni imodzi mosamala ndi dothi lake, mutsuke mizu. Muona timibulu tozungulira tomata m'mbali mwa mizu, tomwe timachoka mukatikhudza ndi chala. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo: ngati m'kati muli mofiirira, kakugwira ntchito. Ngati muzu weniweniwo ndi umene watupa mfundomfundo zosachoka, amenewo si timibulu tabwino ayi, ndi tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, timene timachuluka pamalo pomwe pakhala pakubzalidwa tomato. Ndisakunamizeni kuti nyemba sizifuna chakudya konse, chifukwa pa kudzipangira nayitirojeni zimachepekedwa poyerekeza ndi soya kapena mtedza. Chimene zimafuna kwambiri ndi mchere wina wa m'nthaka wotchedwa fositeti, ndiye manyowa owolerana bwino a kompositi kapena a khola, ndowa imodzi pa bedi la mita imodzi mulitali ndi mulifupi, osakanizidwa ndi dothi musanabzale, amakwanira. Ngati nthaka ndi yoguga, onjezani pang'ono feteleza wokulitsa wa NPK m'kangalande ka pambali pa mzere, asakhudzane ndi njere. Urea musungire chimanga ndi mpiru.

Zija zinafota zikadali zazing'ono ndikuzikayikira zinthu ziwiri. Choyamba ndi kantchentche kakuda konyezimira, kakang'ono kwambiri, kamene kamaikira mazira m'masamba oyamba nyemba zikangomera. Mphutsi yake imayenda m'kati mwa tsinde kutsikira pansi, n'kukakhala pamene tsinde lakumana ndi dothi. Mbewu imachita chikasu, imapinimbira, kenako imafota ngakhale dothi lili lonyowa. Mukaizula muona tsinde latupa ndi kung'aluka pamenepo, ndipo mukasenda khungu ndi chikhadabo mupeza kamphutsi koyera kapena kachikwa kofiirira kapena kakuda, kochepa kuposa njere ya mpunga. Vutoli limakula nthawi yotentha ndi youma, komanso pa nthaka yosauka. Njira imene ndaona ikupulumutsa mbewu zambiri ndi kubandira msanga: pakatha masabata awiri kapena atatu zitamera, kokerani dothi lonyowa kutsinde kuti mbewu itulutse mizu ina pamwamba pa bala lija. Kuphimbira ndi udzu wouma kumathandizanso. Chachiwiri ndi kuola kwa mizu chifukwa cha madzi. Nyemba sizifuna kuima m'matope. Kuthirira tsiku ndi tsiku pa dothi lamakande n'kuzipha. Pisani chala m'dothi. Ngati m'kati muli monyowa, keni idikire mawa. Pamene siziyenera kusowa madzi mpang'ono pomwe ndi nthawi ya maluwa ndi pamene makoko akudzaza njere.

Tifike pa nkhani ya kuyanga, imene kwa ine ndi yokoma kwambiri m'kalata yanu. M'chitini mwanumo mulibe mtundu umodzi. Muli zoyanga, muli zosayanga, ndipo mwina mulinso zapakatikati zimene zimatulutsa kansonga kamodzi koyanga pang'ono. Mayi anu sanasakanize mwangozi. Kumudzi nyembazi zinkabzalidwa m'chimanga, phesi la chimanga n'kukhala mtengo wake woyangira, pamene zosayanga zinkacha msanga pansi n'kupulumutsa banja pa ndiwo m'miyezi ya njala. Mvula ikachuluka mtundu wina umagwa ndi matenda wina n'kupirira; ikadula msanga, zocha msanga zimakhala zapita kale. Ofufuza amene anayendera alimi a kumpoto kwa dziko lino m'zaka za m'ma 1980 anapeza mitundu yambirimbiri ya nyemba m'munda umodzi, ndipo amene ankaidziwa ndi kuisankha kwenikweni anali amayi. Kusakaniza kotereku kukutha chifukwa pamsika wogula amafuna nyemba za mtundu umodzi, ndipo zosakaniza amazigula motchipa. Zimandiwawa, chifukwa mtundu ukatayika m'mudzi palibe sitolo imene ungakaugule. Ndiye chimene mwagwira m'manjacho ndi chuma ndithu.

Vuto linali loti kuseri kwa nyumba kunalibe chimanga, zoyangazo zinasowa pogwira n'kukwera pa zinzake. Ulendo uno chitani chonchi. Sankhulani nyembazo potengera mtundu, kukula ndi maonekedwe, gulu lililonse mubzale mzere wakewake, ndipo pamutu pa mzere muzike kamtengo kolembedwa kapena komangidwa kansalu. Khungu la njere silingakuuzeni motsimikiza kuti iyi ndi yoyanga, ndiye muziyang'anira kuyambira sabata lachinayi. Yosayanga imafika m'mawondo, nsonga yake n'kuthera pa maluwa. Yoyanga nsonga yake imatalika, yowonda ngati chingwe, ikuzungulira m'malere kufuna chogwira. Mukangoona zimenezo zikani mtengo tsiku lomwelo. Poithandiza kukwera, onani mmene zinzake zikuzungulirira: ukaiyang'ana kuchokera pamwamba, nyemba imakwera mosemphana ndi kayendedwe ka mivi ya wotchi, ndipo mukaikulunga mbali inayo imadzimasula. Lembani m'kope kuti zofiira zinatani, zachikasu zinatani, zinacha liti, zinakoma bwanji. Chaka chamawa mudzakhala mukudziwa chilichonse malo ake.

Mukazidziwa, zosayanga muzibzala mizere iwiri pa bedi kapena pa mzere waukulu, motalikirana masentimita 30, njere imodzi pa phando, mapando motalikirana masentimita 10, kuya kwake masentimita atatu mpaka asanu. Zimacha pa miyezi iwiri ndi theka kapena itatu, pafupifupi zonse nthawi imodzi. Zoyanga zimafuna mpata wokulirapo, masentimita 15 mpaka 20 pakati pa mapando, ndi mitengo yotalika mamita awiri kapena kuposerapo, yozikidwa zolimba. Nsungwi, nthambi za gliricidia kapena za bulugamu zimachita bwino. Mtengo wokhakhala umaposa chitsulo kapena paipi yoterera. Mitengo ikasowa, zikani nsanamira ziwiri, mumange waya pamwamba, n'kutsitsa zingwe za sisalo kapena luzi, chingwe chimodzi mbewu ziwiri. Ena amamanga mitengo itatu kapena inayi pamodzi kunsonga kuti mphepo isagwetse. Chenjerani ndi chiswe, ndipo muike zoyangazo kumene mthunzi wake sugwera pa zosayanga nthawi yaitali.

Mukandifunsa kuti pa malo ochepa a m'tauni n'ziti zopindulitsa, ndinena zoyanga mosazengereza. Zimachedwa, zimatenga miyezi itatu ndi theka mpaka inayi kapena kuposa, ndipo zimafuna ntchito ya mitengo, koma pa malo omwewo zimatha kubereka kawiri kapena katatu kuposa zosayanga. Ku Rwanda, kumene minda ndi ing'onoing'ono kwambiri, alimi ambiri anatembenukira ku nyemba zoyanga kuyambira m'zaka za m'ma 1980 pa chifukwa chomwechi. Komanso zoyanga zimapatsa khwanya ndi zitheba kwa nthawi yaitali, osati kamodzi n'kutha. Kungoti zitheba za mitundu yamakolo zimachita ulusi msanga, ndiye muzithyola zikadali zanthete. Koma chaka chino, pepani, khwanya ndi zitheba muyambe mwagula kumsika. Tsamba lililonse ndi khoko lililonse ligwire ntchito yochulukitsa mbewu.

Pa tizilombo tina ndi matenda sinditalikitsa. Nsabwe zakuda zimaunjikana kunsonga ndi kunsi kwa masamba, makamaka nyengo youma. Zikadali zochepa zifikiseni ndi zala kapena muzitsuke ndi madzi, zikachuluka poperani madzi a masamba a nimu kapena a ombwe madzulo, njuchi zitapita. Kuopsa kwa nsabwezi n'koti zimafalitsa matenda a khate, amene amachititsa masamba mawanga obiriwira mosiyanasiyana, kukwinyika ndi kupindikira pansi. Mbewu yotere izuleni msanga ndipo musadzatengepo mbewu, poti matendawa amalowa m'njere. Chimodzimodzi makoko okhala ndi zilonda zakuda zolowa m'kati, kapena masamba owauka okhala ndi mkombero wachikasu. Pothirira thirani pansi, osati pamasamba, ndipo musamalowe m'nyemba kukadali mame kapena mvula itangokata, chifukwa manja ndi zovala zimanyamula matenda kuchoka pa mbewu ina kupita pa ina. Pamalo pomwe pachoka nyemba pabwere chimanga, anyezi kapena masamba kwa nyengo ziwiri nyemba zisanabwererepo.

Posunga mbewu, kusankha kumayambira m'munda, osati m'lichero. Mbewu zathanzi, zobereka bwino, zopanda mawanga, zimangeni kansalu zikadali zaziwisi. Pa mtundu uliwonse tengani kuchokera ku mbewu khumi kapena kuposa ngati zilipo, osati pa imodzi yokha yokongola, kuti mtunduwo usachepe mphamvu zake zopirira. Dikirani makoko aume pa mtengo mpaka azichita phokoso mukawagwedeza, koma musawasiye nthawi yaitali, chifukwa mtundu wina wa anankafumbwe umayambira m'munda momwemo pa makoko ouma. Zoyanga muzithyola pang'onopang'ono kuyambira m'munsi mmene zikuumira. Mbewu yochepa isendeni ndi manja m'malo mopuntha ndi ndodo, kuti isasweke m'kati. Kuti mudziwe ngati yauma mokwanira kutsekera m'botolo, ikani nyemba pang'ono ndi supuni ya mchere wouma m'botolo lagalasi louma, mutseke, mukhutchumule, mudikire kanthawi. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, ziyanikeninso. Zikauma, zitsekereni, mulembe mtundu ndi chaka, muike malo ozizira ndi amdima, osati pafupi ndi moto kapena pansi pa malata. Musadutse zaka ziwiri kapena zitatu osazibzalanso. Nthawi zina mudzapeza njere ya maonekedwe achilendo imene simunabzale. Ndi njuchi zimene zinasakaniza maluwa mwa apo ndi apo. Si vuto. Ibzaleni payokha muone chimene ikhale.

Mbewu ya m'sitolo sindikuinyoza ayi. Mitundu ngati Napilira, imene inatulutsidwa mu 1995, Kholophethe wa mu 2002, ndi NUA 45 wa mu 2009 amene ali ndi michere yofunika m'thupi ya ayironi ndi zinki yochulukirapo, inachokera ku kafukufuku ndipo yathandiza mabanja ambiri. Mukafuna nyemba zodya pamene za mayi zikuchulukana, gulani imodzi mwa imeneyi mubzale bedi lina, motalikirako mamita angapo. Mbewu yogula imene yapakidwa mankhwala amtundu siyidyedwa, ndipo ikhale kutali ndi ana ndi nkhuku. Chokhacho n'chakuti isalowe m'malo mwa zanuzo.

Chinanso chimene ndikupemphani muchite mwezi uno: imbirani abale ku Tsangano, azakhali, anzawo a mayi a kumpingo kapena oyandikana nawo munda. Amayi amagawana mbewu, ndiye n'kutheka kuti wina akadali nazo zomwezi, ndipo angakuuzeni maina amene ankazitchula kumeneko, kaya Nanyati, Phalombe, Kaulesi kapena ena a m'deralo, ndi nthawi imene ankabzala mtundu uliwonse. Mukadzakolola, gawo lina mudzatumize kumudziko kuti lizibzalidwa kwawo kozizira, mbewu isakhale pa khomo limodzi lokha.

Pitani kwa alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu ngati mwabzala nthawi yoyenera koma mbewu zoposa theka sizinamere, ngati zambiri zikufa m'masabata atatu oyamba ngakhale mwabandira, ngati mawanga akufalikira bedi lonse m'masiku ochepa, kapena ngati masamba akungochita chikasu ndi kupinimbira pamene manyowa munathira, poti pamenepo nthaka ingafunike kuyezedwa. Musagule mankhwala opopera musanadziwe chimene mukulimbana nacho, makamaka pa mbewu imene masamba ake amadyedwa. Popita musatenge tsamba limodzi lokha. Zulani mbewu yathunthu ndi mizu ndi dothi lake, imodzi yodwala kwambiri ndi ina yongoyamba kumene, muzikulunge m'nyuzipepala osati m'jumbo, ndipo mukanene tsiku lomwe munabzala, zomwe munathira ndi zomwe zinali pamalopo kale. Popeza muli ku Lilongwe, malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ali pafupi, pa msewu wa ku Mchinji. Kumeneko kuli akatswiri a nyemba komanso nkhokwe ya dziko lino yosungira mbewu zamakolo. Mukadzachulukitsa, katengereni pang'ono za mtundu uliwonse, mukafunse ngati angazilandire kuti zisungidwenso kumeneko.